Nkhope ya munthu pagulu: ufulu wa ojambulidwa pa zikondwerero za ku Mangochi

Boma la Mangochi silikhala nthawi yaitali popanda chikondwerero. Mwezi wa Ramadan ukatha, Asilamu amadzaza mabwalo pa mapemphero a Eid. Pa tchuthi chachikulu cha sukulu, midzi ya kwa Jalasi, kwa Makanjira, kwa Mponda ndi kwa Katuli imalandira anamwali otuluka ku jando ndi ku nsondo, manganje ali mkati. Pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano ndi pa Tsiku la Anakubala, magombe a ku Cape Maclear, ku Monkey Bay ndi ku Nkopola amasefukira ndi alendo ochokera ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars, chomwe chinayamba mu 2004, chachitikirapo pa Sunbird Nkopola Lodge kangapo, kuphatikizapo mu 2014 ndi 2015. Pa zochitika zonsezi masiku ano mafoni amakhala m'mwamba, anthu akujambula.

Zambiri mwa zojambulidwazo n'zabwino ndithu. Zimasunga mbiri ya banja, zimakopa alendo, ndiponso zimafikitsa chisangalalo cha kumudzi kwa abale amene ali ku Joni. Koma zina zimasiya anthu akulira. Nkhani ino ikufotokoza malire a ufulu wa wojambula ndi ufulu wa wojambulidwa, kumene mkanganowu unachokera, zimene malamulo athu akunena, ndi zimene tingachite.

Funso lenileni

Kodi munthu amene wapita pagulu kukasangalala wataya mphamvu zonse pa nkhope yake? Kuti tiyankhe bwino, tisiyanitse zinthu zinayi zimene anthu amakonda kuziphatikiza.

Choyamba ndi kuonedwa. Amene wapita ku ukwati kapena ku gombe wavomera kuti anthu amene ali pamalopo amuone. Chachiwiri ndi kujambulidwa, komwe kumasandutsa kamphindi kochepa kukhala chinthu chosungidwa. Chachitatu ndi kufalitsidwa, pamene chojambulidwacho chachoka m'foni imodzi n'kufika kwa anthu amene sanalipo. Chachinayi ndi kupangira ndalama, monga kuika nkhope ya munthu pa chikwangwani chotsatsira malonda kapena pa tsamba limene mwini wake amalipidwa anthu akamaonera. Kuvomera choyamba si kuvomera zina zitatuzo. Mayi amene wavina pa pelekanipelekani wavomera kuonedwa ndi abale ndi anansi. Sanavomere kuti kavinidwe kake kakhale choseketsa anthu masauzande pa TikTok.

Palinso maufulu atatu osiyana. Ufulu wosunga chinsinsi umateteza moyo wa munthu kuti asaulowerere popanda chifukwa. Ufulu pa chithunzi chako umakupatsa mawu pa kagwiritsidwe ntchito ka nkhope yako, ngakhale chithunzicho chisaulule chinsinsi chilichonse. Wachitatu ndi ufulu wa mwini luso, womwe kawirikawiri umakhala wa wojambula. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka: wojambula akhoza kukhala mwini chithunzi, koma si mwini munthu amene ali pachithunzipo.

Kumene mkanganowu unachokera

Vutoli linabadwa pamodzi ndi kamera yonyamula m'manja. Kamera yotere ya Kodak itatuluka mu 1888, zinayamba kutheka kujambula munthu iye osadziwa. Mu 1890 akatswiri a malamulo awiri a ku America, Samuel Warren ndi Louis Brandeis, analemba nkhani yotchuka yonena kuti malamulo ayenera kuteteza munthu kuti asasokonezedwe pa moyo wake. Mu 1902 mtsikana wina wa ku New York anagonja pa mlandu umene anasumira kampani yomwe inaika nkhope yake pa mapepala otsatsira ufa iye asanalole. Anthu anakwiya ndi chigamulocho, moti mu 1903 boma la New York linakhazikitsa lamulo loletsa kutsatsira malonda nkhope ya munthu popanda chilolezo cholembedwa.

Ku Germany, anthu awiri analowa mozemba n'kujambula mtembo wa Otto von Bismarck mu 1898. Lamulo la 1907 limene linatsatira likugwirabe ntchito. Limanena kuti chithunzi cha munthu chisafalitsidwe iye asanalole, koma limalola zithunzi za misonkhano ndi zionetsero, ndiponso zithunzi zimene munthu wangopezekamo m'mbali. Mfundo yomweyi ili kwa anansi athu a ku Mozambique, kungowoloka chipata cha Chiponde kupita ku Mandimba. Gawo 79 la malamulo awo a milandu ya pakati pa anthu limafuna chilolezo, limachotsapo zochitika za poyera, kenako limaletsa kufalitsa chithunzi chilichonse chimene chingaononge ulemu ndi mbiri ya wojambulidwa.

Kuno kwathu tinatengera malamulo a ku England, omwe analibe lamulo lapadera la ufulu wa munthu pa chithunzi chake. Kwa zaka zambiri izi sizinkavuta. Wojambula ankayenda pa njinga m'midzi, munthu ankasamba, kuvala bwino ndi kulipira, ndipo chithunzi chikatsukidwa ku tawuni chinkabwerera kwa mwini wake. Chilolezo chinali m'kati mwa ntchitoyo. Wailesi ya kanema ya boma inayamba mu 1999, kenako kunabwera ojambula maukwati pa matepi ndi ma DVD, omwe ankaonetsedwa pabalaza. Foni yokhala ndi kamera ndiyo inasintha zinthu. Lero wojambula ndi aliyense, salipidwa ndi wojambulidwa, ndipo nthawi zambiri sadziwana naye n'komwe.

Malamulo athu akuti chiyani

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 ali ndi magawo okhudza mbali zonse ziwiri. Gawo 19 likuti ulemu wa munthu aliyense suyenera kuphwanyidwa. Gawo 21 limapereka ufulu wosunga chinsinsi, ndipo limatchula kusechedwa, kulandidwa katundu ndi kulowerera mauthenga a munthu, koma silitchula zithunzi mwachindunji. Mbali inayo, gawo 35 limateteza ufulu wolankhula zakukhosi ndipo gawo 36 limateteza ufulu wa atolankhani. Gawo 44 limalola kuchepetsa maufulu ngati amenewa pokhapokha ngati malirewo ali m'lamulo, ndi oyenera, ndipo ndi ofunika m'dziko la demokalase. Choncho palibe ufulu umene umameza unzake. Bwalo la milandu liyenera kuyeza mbali zonse.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi zilango. Gawo 85 limaletsa zithunzi zolaula za ana. Gawo 86 limalanga kuzunza munthu kudzera pa makina ndi chindapusa cha K2,000,000 komanso ukaidi wa zaka zisanu. Gawo 87 limalanga amene mwadala ndi mobwerezabwereza asokoneza mtendere kapena chinsinsi cha mnzake kudzera pa mauthenga, ndi chindapusa cha K1,000,000 komanso ukaidi wa miyezi 12.

Lamulo latsopano la Data Protection Act linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limateteza uthenga uliwonse umene ungazindikiritse munthu, ndipo chithunzi choonetsa nkhope bwinobwino chimazindikiritsa munthu. Amene akusonkhanitsa, kusunga kapena kugawa uthenga wotere ayenera kukhala ndi chifukwa chovomerezeka, monga chilolezo cha mwini wake. Munthu ali ndi ufulu wokana ndi wopempha kuti za iye zifufutidwe. Zokhudza chipembedzo, mtundu ndi thanzi zimatetezedwa mwapadera, monganso zokhudza ana. Koma lamuloli silikhudza zimene munthu wachita pa zake zokha ndi za pabanja pake.

Lamulo la Copyright Act la 2016, lomwe bungwe la COSOMA limagwiritsa ntchito, limateteza luso la wojambula. Limaikanso magule, nyimbo ndi nthano za makolo m'manja mwa boma m'malo mwa anthu a dziko lino, moti wofuna kuzichitira malonda ayenera kupempha chilolezo.

Maganizo atatu

Gulu loyamba limati za poyera n'za poyera. Atolankhani, ojambula zithunzi ndi amalonda okopa alendo amanena kuti n'kosatheka kupempha chilolezo kwa aliyense pa khamu la anthu. Amawonjezera kuti kamera imateteza anthu wamba, chifukwa kanema wa pa foni amakhala umboni wapolisi akachita nkhanza kapena wandale akamagawa ndalama pa msonkhano. Amachenjezanso kuti malamulo oteteza chinsinsi akhoza kusanduka chibonga cha anthu audindo. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko, popeza mabungwe ngati MISA Malawi akhala akudandaula kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lagwiritsidwapo ntchito pomanga atolankhani ndi anthu odzudzula boma.

Gulu lachiwiri limati nkhope ndi ya mwini wake kulikonse kumene ali. Mu 1998 bwalo lalikulu la ku Canada linagamula mokomera mtsikana wa zaka 17 amene anajambulidwa atakhala pa masitepe a nyumba ina mu mzinda wa Montreal, chithunzi chake n'kusindikizidwa m'magazini iye osadziwa. Mu 2009 bwalo lalikulu la ku Cape Town linapeza kuti magazini ina inalakwira mtsikana wa zaka 12 amene anajambulidwa pa gombe, posindikiza chithunzi chake m'njira yodzutsa chilakolako. Mu September 2023 ofesi yoteteza uthenga wa anthu ku Kenya inalipiritsa malo ena achisangalalo a ku Nairobi mashilingi 1,850,000 chifukwa choika chithunzi cha kasitomala pa masamba a mchezo popanda chilolezo, ndipo inalipiritsa sukulu ina mashilingi 4,550,000 chifukwa cha zithunzi za ana zoikidwa makolo asanavomere.

Gulu lachitatu limayambira pa mwambo. Kwa mafumu, mashehe, angaliba ndi anakanga oyendetsa zinamwali, funso si la munthu mmodzi ayi. Pali zinthu zimene mudzi wonse umasunga, ndipo ngakhale mmodzi mwa ochita nawo atavomera kujambulidwa, alibe mphamvu yovomerera anzake onse. Gulu limeneli limakumbutsa kuti chikondwerero chimakhala ndi eni ake, ndipo mlendo amayamba wafika kwa amfumu asanachite kanthu.

Maganizo atatuwa amakumana pa mfundo imodzi. Chofunika si malo okha amene munthu anajambulidwira, koma kumene chithunzicho chapita, cholinga chake, ndi zimene chamuchita munthuyo.

Mmene kanema amapwetekera munthu

Njira yoyamba ndi kusamutsa chinthu pamalo pake. Kavalidwe koyenera posambira ku Cape Maclear kamaoneka mwina kakafika pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi, la kumzikiti kapena la kuntchito. Amene akuonera kutali sadziwa zimene zinachitika kamphindiko kasanafike ndi katapita. Amaweruza moyo wonse wa munthu pa masekondi ochepa.

Njira yachiwiri ndi mawu owonjezera. Chithunzi cha anthu awiri akucheza chilibe mlandu, koma wina akalemba pansi pake kuti ndi chibwenzi, banja likhoza kugwedezeka. Ku Mangochi izi zimalemera kwambiri chifukwa amuna ambiri ali ku South Africa. Kanema wa mayi akuvina pa ukwati amafika ku Johannesburg kapena ku Durban tsiku lomwelo, nthawi zina atadulidwa mwadala ndi munthu wa kaduka, ndipo ankhoswe amayamba kuzenga nkhani yopanda mutu.

Njira yachitatu ndi kapangidwe ka masamba a mchezo. Facebook ndi TikTok zimakankhira patsogolo zimene anthu akuziyankha kwambiri, ndipo chochititsa manyazi chimayankhidwa kuposa chokoma. Mwini tsamba amene akufuna omutsatira ambiri amasankha woledzera amene wagwa, mayi amene nsalu yamuvuka, kapena gogo wovina mosiyana ndi anzake. Phindu limapita kwa woponya, manyazi kwa wojambulidwa.

Njira yachinayi ndi kusafufutika. Madzi akatayika sawoleka. Woponya akhoza kuchotsa kanema pa tsamba lake, koma makope amatsala m'mafoni, m'mamemore khadi ndi m'makompyuta a anyamata ogulitsa nyimbo ndi makanema m'misika. Patapita zaka, kanemayo amatulukanso pamene munthu akufunsira ntchito kapena akukonzekera ukwati.

Katundu wa mavutowa salemera mofanana kwa onse. Amayi ndi atsikana ndiwo amasenza wolemera. Dziko lino linali ndi lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, lomwe linathetsedwa pa nthawi yosinthira ku ndale za zipani zambiri. Ngakhale zili choncho, mu January 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha kavalidwe. Mtima womwewo wofuna kulanga mkazi pagulu wasamukira m'mafoni. Enanso amene ali pa chiopsezo ndi anthu achialubino, omwe akhala akusakidwa ndi zigawenga m'dziko muno. Kanema woonetsa nkhope, mudzi ndi nyumba ya mwana wachialubino akhoza kuika moyo wake pachiswe.

Ana, zinamwali ndi alendo

Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Anamwali ambiri a jando ndi nsondo ndi ana, choncho chilolezo chowajambula ndi kuwafalitsa chimachokera kwa makolo kapena owalera. Chinamwali chili ndi mbali ziwiri. Tsiku lotuluka ndi la poyera: anamwali amavala zatsopano, abale amafupa, mudzi umavina. Za ku ndagala ndi za m'tsimba si za kamera, monganso za ku dambwe kwa Achewa, ngakhale Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005. Kuzindikiridwa ndi dziko lonse sikutsegula zonse kwa aliyense.

Komabe mwambo sungakhale chobisalira nkhanza. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa miyambo yovulaza. Amene waona mwana akuzunzidwa ku chinamwali akanene kupolisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Kuponya nkhope ya mwanayo pa intaneti sikumupulumutsa, kumangomuwonjezera bala lina.

Pa nkhani ya alendo, mudzi wa Chembe ku Cape Maclear uli m'kati mwa dera la Lake Malawi National Park, lomwe UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1984. Kwa mlendo, gombe ndi malo okongola ojambulirapo. Kwa mwini mudzi, gombe lomwelo ndi posambira, pochapira, potsukira mbale ndi poyanikira usipa. Ana amene amasamba kumeneko sali pa chionetsero. Mlendo amene amawajambula ali maliseche n'kuwaika pa intaneti walowa pabwalo la eni ake, ngakhale palibe mpanda umene wadumpha.

Zodziwika ndi zotsutsanabe

Pali mfundo zimene mbali zonse zimagwirizana. Chithunzi cha khamu, chimene sichiloza munthu mmodzi, n'chololedwa pa zochitika za poyera. Woimba pa nsanja, wandale pa msonkhano ndi mfumu pa mwambo wa boma akhoza kujambulidwa pa ntchito yawoyo. Zithunzi zolaula za ana ndi mlandu waukulu. Kugwiritsa ntchito kanema poopseza kapena pozunza munthu ndi mlandu. Kutsatsira malonda nkhope ya munthu popanda chilolezo n'kulakwa.

Zotsutsanabe ndi zinayi. Choyamba, kodi mawu olembedwa pa tikiti kapena pa chipata akuti aliyense wolowa wavomera kujambulidwa ndi chilolezo chenicheni? Ena amati inde, pakuti munthu walowa mwa kufuna kwake. Ena amati ayi, makamaka ngati mawuwo ali m'Chingerezi chokha m'boma limene ambiri amalankhula Chiyao ndi Chichewa. Chachiwiri, kodi za pabanja zimathera pati? Kutumizira mlongo wako kanema n'kosiyana ndi kumuponya pa tsamba la anthu masauzande, koma pakati pa ziwirizi pali magulu a WhatsApp a anthu mazana. Chachitatu, kodi wogawa kanema amene sanajambule yekha, kapena adimini wa gulu, ali ndi mlandu wotani? Chachinayi, kodi chilolezo cha amfumu chimaimira munthu aliyense wa m'mudzi? Yankho loyenera pa funso lomalizali n'lakuti chilolezo cha amfumu chimatsegula mudzi, koma nkhope ya munthu imafunabe mawu a mwini wake.

Zoyenera kuchita

Wojambula adzifunse mafunso atatu asanaponye kanthu. Kodi munthuyu akuzindikirika? Kodi akudziwa kumene chithunzichi chikupita? Kodi chikhoza kumuchotsera ulemu, banja, ntchito kapena chitetezo? Ngati kamera yaloza munthu mmodzi, mufunseni, muonetseni chithunzicho, ndipo akakana chifufuteni iye akuona. Woledzera sangapereke chilolezo chomveka, ndipo mwana sangapereke yekha.

Okonza zikondwerero ndi eni malo ogona alendo alengeze za kujambula m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi, pa zikwangwani komanso pa zokuzira mawu. Ojambula awo avale zozindikiritsa. Pakhale malo amene kamera siifika, makamaka posambira ndi posinthira zovala, ndipo pakhale munthu wolandira madandaulo. Eni ukwati agwirizane ndi wojambula ntchito isanayambe ngati angaike zithunzizo pa tsamba lake lotsatsira ntchito. Mafumu ndi mashehe, omwe kale amaika malamulo a nthawi ya zinamwali, awonjezerepo za mafoni.

Amene wapwetekedwa asunge umboni poyamba: ajambule tsambalo, dzina la woponya ndi tsiku. Kenako apemphe woponyayo kuti achotse, ndipo adandaule kwa eni tsamba la mchezo kudzera pa batani lochitira lipoti. Zikakanika, apite ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit kupolisi, ku MACRA kapena ku Malawi Human Rights Commission. Nkhani ikakhudza mwana, nambala yaulere ya 116 ilipo. Munthu akhozanso kusuma kubwalo la milandu kuti alandire chipukuta misozi.

Malamulo alipo, koma kanema amathamanga kuposa khothi. Chitetezo chachikulu chili m'manja mwa amene alandira kanemayo pa foni. Mukalandira kanema wochititsa munthu manyazi, musamutumize kwa wina, mufufuteni, ndipo muuzeni amene watumizayo kuti walakwa. Munthu amene wabwera kudzasangalala pagulu sanasiye ulemu wake kunyumba, ndipo tonse tili ndi udindo womulemekeza.